Kamunthu ka m'foni kamadikira

Wometa wa pakona paja anali munthu wosauma pakamwa. Ukakhala pampando wake, pomwe tsitsi lizitha unkakhala utamva za mpira, za mvula ndi za banja la aliyense wodutsa mumsewu. Ndiye anthu, poti lilime lilibe fupa, ankati mawu onse a m'nyumba mwake anamaliza yekha, mwana wake wamkazi osamusiyirako. Mwanayo ankamutchula Chete. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Akuchipatala anati ndi otizimu: kumva amamva bwinobwino, koma kuyang'ana munthu m'maso ndi kuyankha kumamulemera.

Namwino ndiye anaika gemu m'foni ya wometayo. Munali kamunthu kamutu waukulu kamene kankafunsa kuti, "Uli bwanji?" kenako n'kukhala phee, kudikira. Mwana akayankha, kankawomba m'manja. Miyezi isanu ndi itatu Chete anakhala pakabenchi ka pafupi ndi galasi, pakati pa tsache ndi botolo la sipiriti, foni ili m'manja. Bambo ake ankameta anthu, khutu lili komweko. Anadzazindikira kuti yankho limabwera ndithu, koma limatenga nthawi yometera tsaya limodzi la ndevu. Ukamufunsanso lisanafike, amayambira poyamba.

Sukulu zitatu zinali zitamukana kale. Inatsala imodzi yofikika wapansi, ndipo mphunzitsi wamkulu wa kumeneko anati, "Mubwere naye Lolemba. Akatha kupatsana moni ndi anthu, malo alipo."

Lolembalo wometa sanatsegule shopu. Anamupesa mwanayo, n'kumupukutira nsapato kawiri. Muofesi munali mulu wa mafayilo ndi fani yolira ngati ili ndi chifuwa. Pakhonde makolo ena anali pamzere.

"Uli bwanji, mwanawe?" anafunsa mphunzitsi wamkulu.

Chete anayang'ana fani. Zala zake zinayamba kugogoda pabondo. Bambo ake ankazidziwa zala zimenezo: yankho linali litanyamuka.

"Uli bwanji?" anabwereza mphunzitsiyo mokweza.

"Tamudikirani pang'ono, aphunzitsi. Mukabwereza amayambiranso."

Mphunzitsi anadikira monga amadikirira anthu otanganidwa, diso lili pawotchi. Kenako analiza zala pamaso pa mwanayo, n'kufunsa kachitatu. Zala za Chete zinaima.

"Bambo," anatero mphunzitsi uku akutseka fayilo, "m'kalasi muli ana makumi asanu ndi limodzi. Adikire ndani? Pepani."

Mphunzitsiyo sanali munthu woipa, ndipo n'zimene zinawawa kwambiri, chifukwa panalibe womukwiyira. Wometa uja, amene sanasowepo chonena chibadwire, anangoti zikomo, n'kugwira mwana wake padzanja.

Atatuluka, chitseko chinatsekeka kumbuyo kwawo. Anayenda mapazi atatu, Chete n'kuima. Anatembenuka, n'kuyang'ana chitsekocho.

"Ndili bwino, kaya inu."

Anatchula mawu onse momveka, osaphonya ngakhale limodzi. Kenako anaima chilili, mutu ataupendeketsa, kudikira kuwomberedwa m'manja monga mwa masiku onse. Mkatimo munkamveka mphunzitsi akupatsa moni kholo lina.

Wometa anamva chisoni chimene sanachimvepo. Anayang'ana makolo a pamzere, onse maso ali pansi. Anagwada pasimentipo, n'kuyamba kuwomba m'manja yekha, misozi ikutsikira m'kolala.

Chete anamwetulira. Iye ankadziwa kuti wakhoza.