A Mazimitsa ndi Mphindi Khumi Zawo

Anzawo amapanga mapulogalamu oti makompyuta aziyenda. A Mazimitsa, monga tinkawatchulira pa ofesi, anasankha mbali yozimitsa. Zaka zonsezi, munthu wandevu zake, sukulu anapita, ntchito n'kukhala yogoneka makina! Apongozi awo ankati, "Si kungozula chingwe kukhoma? Mpaka kulemba munthu ntchito?" Mawu amenewa ankawawawa, ndipo chomwe ankalakalaka n'choti tsiku lina akazi awo aone okha kuti amuna awo si munthu wamba.

Mwayi unabwera ndi kachilema kena ka m'pulogalamu yozimitsira makompyuta. Ukalembera kompyuta lamulo loti izime pakatha mphindi khumi, n'kuwonjezera uthenga wochenjeza anthu kuti asunge ntchito zawo, zinkayenda. Koma uthenga ukautsogoza, mphindi n'kubwera pambuyo, makinawo ankameza mphindizo ngati mbali ya uthenga, n'kuzima pompo. Phethi! Anthu m'maofesi ankalira.

A Mazimitsa analimbana nako mpaka tiyi kuzizirira patebulo, ndipo anakonza. Lamulo linayamba kumveka ngakhale ulitembenuze chotani. Anafika kunyumba mapewa ali m'mwamba ngati tambala.

Anapeza akazi awo pabalaza, maso ali psuu. Chiyambire m'mawa ankalemba pa laputopu ya pakhomo nkhani yayitali yopemphera malo kusukulu ya unamwino, ndipo tsiku lomaliza kutumiza linali lomwelo.

"Amayi, tasunthani pang'ono muone zimene amuna anu amachita."

"Bambo, ndatsala pang'ono, dikirani."

"Ayi, laputopuyi ndikailamula kuti izime, ikupatsani mphindi khumi, n'kukuchenjezani mwaulemu. Ndakonza ine!"

Anatsogoza uthenga, mphindi pambuyo, n'kudina monyadira. Phethi! Mdima. Katswiri uja anali atakonza makina a ku ofesi, koma laputopu ya pakhomo inali idakali ndi pulogalamu yakale ija.

Anaiyatsanso msangamsanga. Pankhani yonse panatsala mutu ndi mizere iwiri.

Akazi awo sanakalipe, ndipo zikanakhalako bwino akanakalipa. Anangoyang'ana galasi la laputopuyo, kenako amuna awo.

"Yazimadi bwino. Amayi anga ndikawauza kuti ntchito mumaitha."

A Mazimitsa anati ayambe kufotokoza za pulogalamu yakale, koma akazi awo anakweza dzanja.

"Makinawa asiyeni. Inu muli ndi pakamwa. Chichokereni m'mawa mukuvutikira kuti anthu osawadziwa azichenjezedwa, koma ine simunandifunse n'komwe kuti, kodi wasunga?"