Kumene agogo anakhotetsera madzi

Ndikamawakumbuka agogo anga aamuna, choyamba kundifika ndi fungo la malasha onyowa, lija linkatuluka m'jekete lawo akaweruka kumgodi ku Wanki, losakanikirana ndi fodya wamphuno ndi utsi wa mbaula. Ntchito yawo inali yoyang'anira mapampu otulutsa madzi pansi pa nthaka, mwakuti anzawo ankangowatcha Madala Manzi, kutanthauza mkulu wa madzi.

Tinkakhala kunja kwa komboni, m'munsi mwa kaphiri, m'nyumba za mitengo ndi dothi zomwe anthu apabanja ankadzimangira okha. Kumunsi kwa nyumba yathu kunali ya aJailosi ndi akazi awo aNachisale. AJailosi ndi agogo anachokera limodzi ku Ntcheu ali anyamata, nayenda pansi mpaka zidendene kung'aluka, ndipo mpaka imvi ankaitanana kuti achimwene. Dzuwa la Okutobala likafika poipa, awiriwa ankakumba ngalande imodzi kumtunda kwa nyumba zonse ziwiri, yotaya madzi kukhwawa. Akatero agogo ankakwera padenga kukamata mabowo a malata ndi phula lotentha, ife ana tikudzaza phulusa m'matumba otchingira pakhomo.

Chaka chomwe ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mvula inagwa masiku anayi osakata. Amayi anali atangochira kumene, ali gone pamphasa ndi kakhanda kakamuna, thupi lawo likutentha. Masana a tsiku lachinayi abambo ndi aJailosi anali kuntchito. Mtengo wa tsanya unagwera m'ngalande muja n'kuitseka, ndipo madzi akuda bii, odzaza fumbi la malasha, anasefukira n'kulunjika kukhoma lathu lakumbuyo. Ine ndinkakapa madzi ndi beseni, koma ankalowa kuposa omwe ndinkataya. Agogo anagwira khoma lija cha kumutu kwa amayi n'kukankha chala. Chinalowa chonse.

Anatenga fosholo natuluka, ine n'kuwatsata mpaka pangodya ya nyumba. Anayesa kukoka mtengo uja, koma sunasunthe. Kenako anaima, mvula ikuwatsika m'ndevu, nayang'ana kwathu, nayang'ananso kumunsi. Ntchito yawo inali ya madzi, ankadziwa bwino kumene apite. Anabaya fosholo katatu m'mphepete mwa ngalande, madzi onse n'kukhota, kusiya khoma lathu, kutsetsereka kwa aJailosi.

"Alamu, tulukani m'nyumbamo!" anaitana.

Mvula inkasokosa pamalata, ndipo aNachisale sanamve. Agogo anayamba aunjika kaye dothi kutchinga mbali yathu, poganiza kuti nthawi ilipo. Asanamalize, khoma la nyumba yakumunsi linakhala pansi, denga n'kulitsata.

Agogo anawafukula okha aNachisale ndi manja, zikhadabo zikutuluka magazi. ANachisale anatuluka amoyo, koma chiuno chitathyoka. Pofika madzulo madzi anali atakokolola m'mphepete monse mwa ngalande, osasiya chosonyeza kuti panadutsa fosholo. AJailosi ataweruka anabwera kwathu, nagwada pamatope, nagwira manja a agogo.

"Achimwene, mukanapanda inu, bwenzi mawa ndikuika maliro."

Agogo anangondiyang'ana ine, ine n'kuyang'ana pansi.

ANachisale sanayendenso. Itatha miyezi ingapo m'chipatala, aJailosi anasiya ntchito kuti akawasamalire kumudzi. Tinawaperekeza kusiteshoni, agogo atabereka alamu awo kumsana mpaka m'sitima.

Chaka chotsatira kunabwera kalata yochokera kwa aJailosi. Agogo sankadziwa kuwerenga, ndipo ngakhale abambo analipo, anaitana ine, tinakakhala kuseri kwa nyumba. Kalatayo inkati aNachisale anamwalira nthawi yokolola, zilonda zogona nazo zitawadya msana, ndipo asanatsirizike anati moni apite kwa alamu awo omwe anawapulumutsa.

"Werenganso pamenepo," anatero agogo.

Ndinawerenganso.

"Iwe unaona, eti?"

"Ndinaona, agogo."

"Ukanakhala iwe, ukanatani?"

M'nyumba mchimwene wanga, kakhanda kaja, ankakwawa, akuseka ndi amayi. Agogo anapinda kalatayo naiika m'thumba.

"Ndinafunika kuyamba ndathamangira kumunsi," anatero. "Khoma lathu likanadikira pang'ono."

Kuyambira pamenepo sanagwirenso fosholo pakhomo. Mitambo ikachita bii, ngalande ankakumba ndi abambo, iwo ali pampando pakhonde, madzi akuwanyowetsa mapazi, osasuntha. Kutchalitchi ankapita, koma mgonero anasiya kulandira, ndipo akulu ampingo atawafunsa anangoti mtima sunakonzeke. Anamwalira patapita zaka zitatu ndi chifuwa cha mumgodi. Kalata yoyankha aJailosi ankati tilemba mawa, mpaka osailemba.

Lero ndine nkhalamba, ndikukhala ku Empumalanga, ku Wanki komweko, m'nyumba ya njerwa. Mchimwene wanga ali ndi zidzukulu zodzaza bwalo, zoyankha m'Chindebele ukazifunsa m'Chichewa. Amakonda kuzifotokozera kuti agogo ake anali ngwazi, anafukula mayi m'matope ndi manja okha. Akafika pamenepo amatembenukira kwa ine.

"Achemwali, inu munalipo. Si zoona?"

Ndimavomera kuti ndi zoona. Zinazo ndimazimeza, chifukwa woti n'kumupepesa palibenso, ndipo funso lomwe agogo anandifunsa kuseri kwa nyumba sindinalipezerebe yankho.