Njere za Azitona m'Kapepala Kanga

Amene anandilakwira ndi amalume anga a Tembo, mlongo wawo wa amai, ndipo anandilakwira pa nkhani ya kapepala. Mpaka lero ndikamva fungo la masau oyanika padzuwa, mtima umandiwira.

Chaka chimenecho ndinali mu giredi faifi, amai ali gone kuchipatala cha mishoni, chifuwa chitawamaliza. A mpingo anasankha amalume kuti apite nawo ku Yerusalemu. Ine ndinadabwa, poti ndinkayesa kuti Yerusalemu ali kumwamba. Iwo anaseka, nandiuza za khoma lakale kumene Ayuda amalowetsa timapepala ta mapemphero m'ming'alu. Ndinang'amba pepala m'kope la masamu, ndinalemba kuti, "Mulungu, chiritsani amai," n'kuwapatsa kuti akaike pakhomapo.

Anabwerako masau atapsa. Kuchipatala anauza amai, ine ndili pomwepo, kuti, "Kapepala kaja ndinaika ndi dzanja langa ili, mlongo wanga." Amai anamwetulira.

Lamulungu lake mudzi wonse unasonkhana patsinde pa bwemba. Amalume anakamba za mapiri ouma ngati athu a ku Kavalamanja mu Okutobala, za nyumba za miyala yoyera yokhayokha, za amuna a zipewa zakuda opemphera moweramawerama pakhoma paja. Anati m'nyumba ina yopemphereramo muli mawindo ojambulidwa mikango ndi mbalame, dzuwa likalowa munthu umasanduka wofiira ndi wobiriwira. Ife kukamwa yasa!

Kenaka anapisa m'thumba la jekete kuti ationetse njere za azitona zoti adzale. Anafunyulula kapepala. Mizere ya kope la masamu. Zilembo zanga zopindika, zitanyowa mafuta. Iwo sanaone n'komwe, anali kalikiliki kuyendetsa njere m'manja mwa anthu.

Amai anamwalira mvula isanagwe, sukulu yanga n'kuthera pomwepo. Ndili mwana ndinkati amalume ndiwo anawapha. Lero ndidziwa kuti khoma silichiritsa chifuwa, mwinanso bodza lija linawapatsako tulo amai. Koma chaka chatha, pamaliro ena, nditamva ayambanso za Yerusalemu wawo uja, ndinadzambatuka n'kuwalankhula, anthu onse akuona.

"Amalume, nyanja munaoloka, mapiri munakwera. Katundu wa mlongo wanu anali kapepala chabe, inu n'kukulungiramo njere. Nanga zinamera?"