Dzina Lomwe Naomi Analisiya

Naomi Chiŵaya anakulira ku Gezina, kutali ndi dziko lakwawo, m'chipinda cha lendi chimene mayi ake ankalipira pochapa ndi kusita m'nyumba za eni. M'nyengo yozizira ya 2004 mayiwo analembetsa pa intaneti ku kampani ina ya ku Hatfield yopezera anthu ntchito. Makina a kampaniyo sankachidziwa chilembo cha ŵ, ndipo pamalo pake ankaikapo tizizindikiro tosawerengeka. Dzina litasiyana ndi la pa pasipoti, ntchito inapita kwa wina.

Mayiwo atakadandaula, a Naudé, oyang'anira ofesiyo, anangoseka n'kuwalozera khomo. Naomi anali pambali pa mayi ake, ndipo kusekako sanakuiwale.

Anaphunzira za makompyuta, ndipo patapita zaka analembedwa ntchito pakampani yomweyo. Anapeza kuti tsamba lolembetsera linkatumiza zilembo mwa njira ina, pomwe makina osungira mayina ankaziwerenga mwa njira inanso. Anagwirizanitsa ziwirizo, kenaka anayamba kukonza mayina akale limodzilimodzi: a Chipedi, a Chibunu, akwathu. Mitengo ya jakaranda inachita maluwa mpaka kuyoyoka iye ali pantchitoyo.

Dzina la a Naudé nalo linali lowonongeka pa chilembo cha é, ndipo Naomi analisiya dala. Kalata iliyonse yopita kwa makasitomala inkatuluka ndi zinyalala kumapeto kwa dzina lawo.

"Naomi, langa ukonza liti?" anafunsa a Naudé.

"Ndifika, bwana. Patsogolo panu pali anthu ambiri."

Mvula inagwa n'kutha, chisanu chinabweranso, Naomi asanafikebe pa dzinalo.