Achimwene a Yohane pamzere wa phala

Mwaswera bwanji nonse.

Lero achinyamata a kutchalitchi kwathu kuno ku Balaka anapita ku Limbe kukagawa phala kwa anthu ogona m'makonde a masitolo. Mwana wanga Tadala ndi amene amapungula phalalo.

Pokweza maso, anaona kuti amene atambasula mbale ndi amalume ake, a Yohane, achimwene athu omwe amatiuza kuti ali pa ntchito ya ulonda.

A Yohane sanathawe iyayi. Analandira ndi manja awiri n'kufunsa motsitsa mawu, "Mvula yagwa kumudzi ku Kawinga?" Kenako anati, "Usakawauze agogo ako."

Tadala wafika akulira. Amayi sindinawauze. Dzulo lomweli amapalira munda wa a Yohane kuti akabwera pa Khirisimasi adzaupeze woyera.

Abale anga, tikawatenge, kapena tiwasungire ulemu wawo amayi azipalirabe?