Chizungulire cha Alamu Anga pa Kasakula

Matipate ali atsopano, aliyense pa Kasakula anali ndi maganizo pa chilichonse. Pakamwa panali patatseguka, ndipo anthu ankalankhula ngati akufuna kumaliza tsiku limodzi mawu onse amene anasunga zaka zambirimbiri. Ine ndinali nditangolembedwa uphunzitsi wogwirizira, poti sukulu yaulere inali itabweretsa ana ochuluka kuposa mithunzi ya mitengo yophunzirirapo. Ndinali mtsikana wa masiketi awiri ndi choko m'thumba, koma ndinkadziona ngati munthu woyenera kufunsidwa nzeru.

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anali mkamwini pamudzi pathu. Munda umene amayi anawapatsa unali wa pachitunda, wamiyala, chimanga chake chosafika ndi Khirisimasi yomwe. Chaka chilichonse lole ya ku esiteti inkabwera kudzatenga matenanti a fodya, ndipo chaka chilichonse alamu ankaiyang'ana nthawi yaitali. Achemwali sankafuna n'kumva komwe. Anali ataona anzawo akubwerako ku Kasungu ndi ana otuwa komanso mtolo womwewo umene ananyamuka nawo. Ndiye anapangana kuti alamu ayese bizinesi yawo. Ikawadyetsa, akhala. Ikakanika, akwera lole, iwo, achemwali ndi ana awo awiri.

Bizinesiyo inali paki. Ali mnyamata alamu anagwirako ntchito ku Halale, ndipo kumeneko anaona malo amene anthu ndi ndevu zawo amalipira kuti makina awazunguze mutu. Chimenechi sichinawachoke. Anapempha malo m'mphepete mwa msika, anatola chitsulo cha mateyala a ngolo yakufa n'kuchizika choimirira, anamangirirapo mitanda inayi ya bulugama, kumapeto kwa mtanda uliwonse kampando kamatabwa. Anyamata awiri ankakankha akuthamanga. Pambali panali akatungwe a mateyala akale. Tinachitcha chizungulire, poti ndi chimene munthu unkatsika nacho.

Ndinakwera tsiku loyamba, ana anga a sukulu akuonerera. Ndinapana siketi ndi mawondo, ndinanena mumtima kuti mphunzitsi sakuwa. Anyamata atangokankha kachiwiri ndinakuwa mpaka agalu a kumsika anayankha. Mapiri a Ntchisi, chigayo, amayi a tomato, mapiri, chigayo, amayi a tomato. Nditatsika ndinayenda ngati nkhuku yachitopa, ndipo ndinakafolanso kumbuyo kwa mzere kuti ndikwerenso. Ndinasangalala tsiku limenelo, sindinama.

Kutsidya kwa msewu kunali mwini golosale, bambo wonenepa wosalankhulalankhula, amene ankaonetsa vidiyo ya batire kuseri kwa sitolo yake. Ataona kuti ana amuthawa, anamanga nsanja n'kutsamiritsapo malata osalala kuti ana azitsetsereka. Masana malatawo ankawotcha matako ngati chiwaya, koma ana anapeza nzeru yokhalira thumba lonyowa, ndipo mzere unasamukira kutsidya. Alamu anapaka mipando yawo penti yofiira. Wagolosale anatulutsa gumbagumba. Alamu anamanga katungwe wokwera anthu awiri, amene anathandiza zibwenzi zingapo ndipo anadandaulitsa akulu a mpingo. Wagolosale anagula pusi n'kumumanga pachingwe, koma pusiyo analuma mwana wa wosoka nsapato ndipo anachotsedwa ntchito.

Kasakula inagawanika. Munthu akakufunsa kuti, "Inu muli mbali iti?" unkayamba wamufunsa ngati akunena za chipani kapena za paki. Panali akumsika, ife a alamu, ndipo panali akugolosale. Pa nthawi yopuma aphunzitsi tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhani ndi yomweyo. Mphunzitsi wa masamu, bambo wamtali wa tayi imodzi, anali wakugolosale wotheratu. Ine ndinkamuyankha mpaka belu kulira, ndipo nthawi zina belulo linkalira kawiri.

Tsiku lina m'nyengo yozizira tinadzuka n'kupeza kuseri kwa golosale atazunguliza mpanda watsekera, wautali kuposa munthu. Ngolo zinayamba kulowa ndi mitengo ya bulugama, yaitali, yowongoka. M'katimo munkamveka makasu akukumba. Mwini wake akafunsidwa ankangoti, "Muona." Mawu amodzi okhawo anatidyetsa milungu yambiri.

Mayi wogulitsa zitumbuwa anati ndi dziwe losambiramo, poti anamva makasu. Akulu a pabawo anati ndi sitima yaing'ono yoyenda panjanji zamitengo, ndipo mmodzi wa iwo anatchula ndi malo amene idzaimire. Wina anali ataona wagolosale ku Dowa Boma akugula misomali ndi waya. Wina anali ndi msuweni wake ku Lilongwe amene anamva kuti injini ya chigayo yagulidwa kale, ikungodikira lole. Koma mphunzitsi wa masamu ndiye anatimaliza. Mu vidiyo ina tonse tinali titaona gudumu lalikulu lonyamula anthu m'mabasiketi kupita nawo kumwamba. Ana amene anasuzumira pa mpanda anati aona mitengo yamphanda itaima m'mizere iwiri. Iye anatola kamtengo n'kujambula pansi.

"Mizere iwiri," anatero. "Pakati pake mudutsa chiyani? Gudumu. Munthu akafika pamwamba azidzaona nyanja. Alamu anu aja akasake nkhuni, paki yawo yatha."

Ndinamuuza kuti amalota masana. Koma mumtima ndinali nditakwera kale gudumulo, ndipo ndinkafuna kuliona ngakhale linali la adani.

Madzulo aliwonse ndinkafika nazo kunyumba nkhanizi zili zotentha. Mlamu ndi munthu woseka naye, ndiye sindinkawanyengerera.

"Alamu, mwamva? Anzanu akukakwera kumwamba, inu mukadali kuzungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo."

"Mlamu, inu pakamwa panu m'pamene payenera injini," ankayankha choncho, akuseka. Koma chakudya chinayamba kutsala m'mbale. Achemwali anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, usamabwere nazo zimenezi kuno. Bambo a ana awa sakugona. Ukufuna tikwere lole?"

Ndinalonjeza kuti ndasiya. Koma nkhani inali kale pa msika ponse, ndipo alamu ankaimva kwa aliyense wodzakwera. Ngakhale makasitomala awo enieni ankatsika pa chizungulire maso ali kutsidya, pa mpanda uja.

M'mawa wina alamu anadzuka nkhope ikuwala. Injini analibe, koma amalume athu anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Nzeru yawo inali yoti amange chizungulire chachikulu, cha mipando isanu ndi itatu, n'kutulutsa mtanda wautali womangirirapo goli. Ng'ombe zizizungulira, anthu azizungulira. Ndinavina pabwalo nditamva zimenezi. Ndinati ngakhale ku Halale komweko sanaganizepo zotere.

Mkamwini sapita yekha kukapempha ng'ombe za eni mudzi. Alamu anauza achemwali, achemwali anauza amayi, amayi anatenga nkhuku n'kupita kwa mlongo wawo. Amalume anamvetsera maso ali pansi.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero. "Mkamwini wanuyu ali ndi kanthu kakuyenda kale, bwanji osakagwira komweko?"

Koma amayi analira, anatchula adzukulu, anatchula lole. Amalume anavomera tsiku limodzi lokha, loyesera. Alamu anaphwasula chizungulire chakale chija, ndipo zonse zimene paki inawapindulira anazilowetsa m'matabwa, m'mabawuti ndi m'penti. Ife akumsika tinayamba zathu mphekesera. Tinati chidzathamanga kuposa minibasi. Tinati a ku Nachisaka achita kale hayala ngolo kuti adzaone.

Tinatsegulira tsiku la msika. Anthu anadzaza mpaka pa msewu, ena pamitengo, ena pamwamba pa matumba a mbatata. Ng'ombe zinavekedwa nsalu zofiira m'nyanga. Ine ndinalanda mpando, pambali panga panakhala mayi wa zitumbuwa, kutsogolo akulu awiri a pabawo atavula zipewa. Alamu anavala jekete la ukwati wawo. Analiza mkwapulo m'mwamba, ng'ombe zinanyamuka.

Zinanyamuka monga ng'ombe za ngolo zimanyamukira. Phazi, kenako phazi. Tinayenda ngati tikuperekeza maliro. Agogo ena a ndodo anatidutsa akupita kukagula mchere. Mnyamata wina wakugolosale anafuula kuti, "Mutidzutse mukafika!" ndipo msika wonse unagwa ndi phwete. Alamu thukuta linali kamukamu m'jekete muja. Achemwali, amene anaima ndi mwana kumbuyo, sanathe kupirira. Anatulukira kutsogolo n'kuyamba nthungululu kuti alimbitse amuna awo mtima. Amayi onse akumsika analandira. Anyamata anayamba malikhweru a kubusa, ndipo wina anamenya chitini.

Ng'ombe zinadzidzimuka n'kuliyatsa liwiro.

Zimene zinachitika pamenepo sindidzaiwala. Mphepo inandivula duku. Mayi wa zitumbuwa anandigwira m'khosi akuitana amayi ake amene anamwalira kalekale. Akulu a pabawo ankakuwa ngati ana. Panalibenso phiri, panalibe chigayo, dziko lonse linangokhala mzere umodzi wa fumbi ndi mitundu ya zitenje. Ndinaseka mpaka mpweya kundithera. Msika wonse unkadumpha, akugolosale omwe, ndipo ndinamva mawu a mphunzitsi wa masamu akufuula kuti, "Chimenecho! Chimenecho!"

Koma ng'ombe ya ngolo imadziwa chinthu chimodzi: ikaopa imalunjika kukhola. Zitazungulira kangapo zinatopa nazo zozungulirazo, ndipo zinawongola. Mtanda unalira n'kuthyoka. Chitsulo chapakati chinazuka ndi dothi lake, mipando inapendekeka, ndipo tonse tinakhuthukira pansi ngati mbatata za m'thumba lobooka. Palibe anavulala kwenikweni, kupatula mawondo ndi ulemu. Ine ndinali chigonere m'fumbi, ndikusekabe, pamene ndinaona amalume akubwera kuchokera kumunsi akukusa ng'ombe zawo. Imodzi inkatsimphina. Sanakalipe. Anamasula goli, analiyika paphewa, anadutsa alamu ngati akudutsa chitsa. Kuseka kunandithera pomwepo.

Posakhalitsa mpanda wa kuseri kwa golosale unagwetsedwa. Tinathamangira kukaona gudumu lathu. Tinapeza mitengo yamphanda m'mizere iwiri, denga laudzu pamwamba, mitanda yopachikapo fodya ili m'malo mwake. Chinali chigafa. Masiku amenewo alimi wamba anali atangololedwa kulima fodya wa bale, ndipo wagolosale anali atalembetsa. Za paki anali atazisiya kale mumtima. Ife amene tinakulira m'zigafa, amene tinkasoka fodya tisanadziwe kulemba, tinayang'ana mphanda zija milungu yonseyo n'kumaona nyanja. Komanso tinene zoona, ndani amamanga chigafa m'nyengo yozizira, nazale asanafese n'komwe, kuseri kwa sitolo? Mphunzitsi wa masamu anakonza tayi yake n'kunena kuti iye ankakayikira kuyambira pachiyambi.

Tsiku lina alamu akutola matabwa awo, wagolosale anawoloka msewu. Aka kanali koyamba. Ine ndi achemwali tinali pomwepo.

"Achimwene, manja anu ndawaona," anatero. "Ndikufuna munthu wondiyang'anira fodya. Muzigona kwanu, muzidya kwanu. Mukuti bwanji?"

Achemwali anandifinya dzanja.

Alamu anayang'ana anthu amene anali atayamba kale kusonkhana, akumsika uku, akugolosale uko, onse makutu ali tcheru kuti aone wapambana ndani.

"Zikomo, bambo," anatero. "Koma ine ndinali ndi paki. Sindingadutse pa msika uno m'mawa uliwonse kupita kukasoka fodya wanu."

Ena a ife akumsika tinawomba m'manja. Achemwali anandisiya dzanja n'kubwerera kunyumba okha. Anachonderera amuna awo masiku ambiri, amayi anachonderera, ine ndinagwada ndithu. Alamu ankangoti ku esiteti palibe amene akuwadziwa, ndipo chimenecho n'chimene ankafuna.

Lole inabwera kutatentha, mitengo ya m'mapiri itaphuka masamba ofiira. Inaima pafupi ndi dzenje limene chitsulo chija chinazukapo. Tinakweza mphasa, mapoto ndi thumba la ufa. Alamu anakhala pakona, chipewa chili kumaso. Achemwali anakwera ndi khanda kumbuyo osandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti akandiyang'ana tonse tilira. Mwana wawo wamkulu, kamtsikana kosafika pa msinkhu wa sukulu, kanali kasanakwerepo galimoto chibadwire. Kanaimirira pamwamba pa katundu, kanagwira zitsulo za m'mbali, ndipo injini italira kanayamba kudumphadumpha, mano onse ali pamtunda.

"Amayi aang'ono, kwerani!" kanandiitana. "Kwerani msanga! Iyi ndi yaulere!"

Lole inatsetsereka kulowera kumsewu waukulu, mwanayo akundikodolabe. Achemwali anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso ngati akuopa fumbi.