Tiyi wa Bambo Kuseri kwa Nkhokwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene ndinabatizidwa mu mpingo umene anthu ambiri amangoutchula kuti wa Amomoni. Nthawiyo ndinkakhala ndi azakhali ku Blantyre, kumene ndinkaphunzira sekondale. Ndinali mtsikana wamanyazi, woti mphunzitsi akandiloza mawu ankandithawa, koma mu mpingomo ndinapeza mtendere umene mpaka lero sinditha kuufotokoza bwino. Ndinaphunzira kupemphera ndi mawu angaanga, kusala kudya Lamulungu loyamba la mwezi, ndi kulemba za tsiku lililonse m'kabuku. Ndinalonjezanso kusamwa mowa, khofi ndi tiyi, ndiponso kusasuta fodya. Mowa ndi fodya sindinkazidziwa n'komwe. Za tiyi ndinavomera msanga, osaganizako za bambo anga.

Bambo anali mkamwini kwathu ku Nkhulambe. Kwawo kunali kutsidya kwa malire, ku Mozambique, ndipo asanakwatire mayi anathyolapo tiyi m'minda ya ku Mulanje. Sanali munthu wolankhula. Pakakhala nkhani ya pabanja, amalume ndi amene ankayankhula, bambo n'kumangosema mpini chapambali. Koma tiyi wam'mawa anali udindo wawo, ndipo mayi sankaloledwa kukhudza ketulo. Bambo ankati anthu a kuno amawiritsa masamba ngati akuphika kalongonda. Iwo ankadzuka nkhungu isanachoke paphiri, kuwiritsa madzi, kuwaphula pamoto, kenako n'kuponyamo masamba ndi kuvundikira. Akatero ankagogoda pang'ono pachitseko changa.

Tinkakhala awiri pakhonde, makapu achitsulo akutiwotcha zala, chinangwa chophika chili pakati pathu. Ankandifunsa mmene ndagonera, nthawi zina ndi za masamu ngati akundivutabe. Kupitirira apo tinkangomvetsera njiwa ndi mabelu a njinga zopita kumsika. Kwa anthu awiri amanyazi, kumeneko kunali kucheza kokwanira.

Tchuthi choyamba nditabatizidwa chinagwa m'nyengo yozizira. Njira yonse, m'minibasi mpaka pa boma ndiponso pa kabaza, ndinkakonza mawu owafotokozera bambo. Koma m'mawa mwake atandipatsira kapu, utsi wake ukundifika kumaso, zonse ndinakonza zija zinabalalika.

"Ababa, ine tiyi ndinasiya. Kutchalitchi kwathu sitimwa."

Anayang'ana kapuyo, kenako ine. "Ndi tchimo?"

"Kwa ife, eya."

Anadikira pang'ono, mwina kuti ndipitirize. Ine maso anali pa zala za kumapazi. Ndiye anabwezera tiyiyo m'ketulo mosamala, osataya ngakhale dontho.

"Chabwino, mayi," anatero.

Tsiku lotsatira pachitseko panalibe kugogoda. Nditasuzumira pawindo ndinaona utsi ukukwera kuseri kwa nkhokwe. Bambo anali atakhala pamwala, atafulatira nyumba, jekete lawo likunyowa ndi mvula yowaza ya chiperoni. Ankamwa okha. Mumtima ndinati basi, akwiya nane, sakufunanso kundiona pakhonde pawo. Ndinabwerera pamphasa ndi kupemphera kuti Mulungu afewetse mtima wawo.

Tchuthi chonse chinatha choncho. Masana tinkathyolera limodzi nandolo kumunda, kupatsana moni, kupatsirana dengu, koma za m'mawa panalibe wozitchula. Zinkandipweteka, komabe pansi pa ululuwo panali kanthu kena kokoma. Ndinkadziona ngati mmodzi wa anthu oyesedwa chifukwa cha chikhulupiriro. Maganizo anga anadzaza ndi zimenezi moti sindinadabwe kuona amalume akubwera pafupipafupi, kapena mayi ndi bambo akusiya kulankhula ine ndikalowa.

Nditabweranso pa Khrisimasi ndinapeza bambo kulibe. Ukwati unali utatha. Mwa mwambo wathu nyumba, munda ndi ana ndi za kuchikazi, ndipo mkamwini amachoka ndi zake zokha. Anamangirira khasu, bulangete ndi ketulo panjinga, n'kubwerera kwawo.

Panapita masiku ndisanalimbe mtima. Tsiku lina mayi akupeta nandolo pabwalo, ndinawafunsa ngati bambo anachoka akadali okwiya nane. Anaimitsa lichero.

"Kukwiya? Bambo ako aja? Iwe Felesiya, sukuluyi ikukuthandiza koma?"

Ndinakhala pansi pafupi nawo, iwo n'kundifotokozera.

"Tsiku lomwe unakana lija anapita kwa aphunzitsi a kupulayimale kukafunsa za mpingo wakowo. Aphunzitsiwo nawonso samaudziwa, anangoti mwina zili ngati nkhumba kwa anzathu achisilamu, yoti ngakhale mbale yake sakhudza. Ndiye munthu ankakabisala kuseri kuja kuti fungo lisakuonongere mapemphero. Kapu yako anaikwecha ndi phulusa, n'kuiika payokha. Kukacha ankandifunsa kuti kodi mwanayu angamwe chiyani. Ine ndinkati kamufunseni nokha, si mwana wanu? Koma inu awiri, ngati nkhuku zonyowa."

Anapitiriza kupeta. Ine ndinalowa m'nyumba ndipo kapuyo ndinaipezadi pamwamba pa khoma, yoyera mbee, itavundikiridwa ndi kansalu.

Nditabwerera ku Blantyre ndinafotokozera mayi wina wachikulire wa kumpingo, amene tinkawatchula kuti a Sisita Nambewe. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira kuti ndinapirira. Iwo anandigwira dzanja n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, unalonjeza kuti sudzamwa. Unalonjezanso kuti sudzakhala pansi? Amuna anga si a mpingo uno. Tiyi wawo ndimawathirira shuga ndine, ine pambali n'kumamwa madzi otentha a mandimu. Zaka zonsezi palibe amene wadetsedwa."

Lero ndine wamkulu, ndimagwira ntchito pa boma pano ku Phalombe. Anzanga a mpingo ali kutali, choncho Lamulungu lambiri ndimapemphera ndi kuwerenga malemba ndekha, ndipo ndikapeza mpata ndimapita kukasonkhana nawo mumzinda. Tiyi sindimwabe. Kuntchito amandiseka, amati ndine mlendo wovuta kumulandira, ndipo ine ndimaseka nawo ndi kuwafotokozera. Lonjezo langa sindinong'oneza nalo bondo.

Bambo ali ndi banja lina tsopano. Timaonana mwa apo ndi apo, kawirikawiri pamaliro, pakati pa anthu ambiri. Ndinawauza kuti aphunzitsi aja analakwitsa, iwo n'kumwetulira, n'kuti, "Zinapita zimenezo, mayi." Amandipatsa moni ndi manja awiri, mwaulemu, ngati mlendo wochokera kutali.

Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti manyazi amatha kuvala zovala za chikhulupiriro, munthu osazindikira. Ine ndinkati ndikupirira, pamene ndinkangoopa kulankhula. Bambo sankadziwa zimene mpingo wanga umaphunzitsa, ndipo anachita zonse zimene munthu wosadziwa angachite pofuna kulemekeza mwana wake. Wodziwa ndinali ine. Tchuthi chathu chomaliza ndinachitha ndikupempha Mulungu kuti afewetse mtima umene unali wofewa kale, pamene chofunika chinali kutuluka panja, kudutsa bwalo, ndi kunena kuti, "Ababa, sunthani ndikhale nawo."